Akati "eya, bwana", kodi wavomeradi mlandu?

M'ndende zathu muli anthu amene anafikamo chifukwa cha mawu awiri okha: "eya, bwana". Wapolisi anafunsa kuti unaba ndiwe, iye anati eya. Womasulira kukhoti anafunsa kuti ukuuvomera mlanduwu, iye anati eya. Mukadamufunsa ngati ndiye anaba ndege pa Chileka, akadayankha chimodzimodzi, mwinanso akumwetulira.

Ndikunena za anthu amene kumudzi timangoti mutu wawo sugwira. Mawu amenewa timaunjikamo anthu osiyana kwambiri. Alipo amene ali ndi matenda a maganizo, amene amabwera n'kupita ndipo amatha kuchepa ndi mankhwala. Alipo ena amene ali ndi ulumali wa muubongo, kaya anabadwa nawo, kaya unadza chifukwa cha uchembere wovuta, malungo aakulu kapena kunyentchera ali akhanda. Awa sadwala ayi. Amangomvetsa zinthu mochedwa, ndipo moyo wawo wonse aphunzira chinthu chimodzi: munthu wamkulu akamakukalipira, vomera, asiya. Kunyumba nzeru imeneyi imawapulumutsa ku chikwapu. Kupolisi imawatsekera m'chitokosi.

Kuti muone kuti si nkhani yongopeka, tiyeni tipite kaye ku London, kwa eni ake amene anatisiyira malamulo amene tikugwiritsa ntchitowa. Mu April 1972 nyumba ina inapsa ku Catford, ndipo mkati munapezeka mtembo wa Maxwell Confait, amene anachita kuphedwa. Pasanathe masiku ambiri apolisi anagwira anyamata atatu. Awiri anali a zaka 14 ndi 15. Wachitatu, Colin Lattimore, anali ndi zaka 18, koma kaganizidwe kake kanali ka mwana wa zaka 8. Anawafunsa mafunso popanda kholo, popanda loya, popanda wamkulu aliyense wowayimira. Anavomera. Khoti linawapeza olakwa, ndipo Lattimore anamutumiza kuchipatala chotsekedwa cha Rampton popanda tsiku lotulukira.

Chodabwitsa n'chakuti panali anthu amene anamuona Lattimore kwina pa nthawi imene madokotala poyamba anati Confait anafa. Koma pepala lovomera mlandu linali lolemera kuposa mboni zamoyo, moti nthawi ya imfayo ndi imene inachita kusunthidwa kuti igwirizane ndi pepalalo. Mu 1975 khoti la apilo linafafaniza zigamulozo. Manyazi amene boma la Britain linachita ndi nkhaniyi ndi amene anabala lamulo la 1984 lotchedwa Police and Criminal Evidence Act. Kuchokera pamenepo, wapolisi wa ku England akamafunsa mwana kapena munthu wamkulu amene akuoneka kuti samvetsa bwino zinthu, pamayenera kukhala munthu wina amene amamutcha appropriate adult: kholo, m'bale, kapena wogwira ntchito yothandiza anthu. Ntchito yake n'kuonetsetsa kuti wofunsidwayo akumva funso, akudziwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndiponso kuti sakuikidwa mawu m'kamwa. Mafunsowo anayambanso kujambulidwa pa tepi.

Tsono ife tili pati? Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amanena zinthu zokoma. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva. Auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Asakakamizidwe kuvomera mlandu. Akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Zonsezi n'zabwino, koma zinalembedwa poganizira munthu amene akauzidwa kuti "uli ndi ufulu wokhala chete" amadziwa chochita nawo ufuluwo. Amene ndikunenayu amva mawuwo, agwedeza mutu, kenaka ayankha funso lililonse, chifukwa kukhala chete pamaso pa bwana wa yunifolomu kwa iye ndi mwano.

Ndiye pali gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu, lija amati Criminal Procedure and Evidence Code. Achinyamata anzanga, ngati pali gawo limodzi la malamulo loti mulidziwe, ndi limeneli. Limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngati umboni, ngakhale mwiniwake akunena kuti anamukakamiza kapena kuti sananene zimenezo. Chimene khoti limachita n'kuunika pambuyo pake ngati likukhutira kuti mawuwo ananenadi ndi iyeyo ndiponso kuti ndi oona. Maloya akhala akukangana za gawo limeneli kwa zaka zambiri, makamaka pa nkhani ya anthu omenyedwa m'chitokosi. Koma taganizirani munthu amene safunika n'komwe kumenyedwa. Palibe bala loti aonetse. Palibe dandaulo loti apereke, poti iye sakuona kuti pachitika cholakwika. Wapolisi walemba sitetimenti m'Chingerezi kapena m'Chichewa cha muofesi, wamuwerengera mothamanga, iye wadinda chala. Papepalapo pakuoneka nkhani yolongosoka, yokhala ndi tsiku, nthawi ndi malo, yochokera kwa munthu amene sangakuuzeni kuti lero ndi lachingati.

Ndikuphunzira ntchito ya utolankhani, ananditumako kukhoti lina la majisitireti kuti ndikatole nkhani za tsikulo. Pakati pa milandu ya ndewu ndi ya njinga panabwera mnyamata wina wamkulu thupi, womuganizira kuti anaba foni pamsika. Womasulira asanamalize n'komwe kuwerenga mlandu, iye anali atati kale eya. Anafunsidwanso kachiwiri, monga mwa mwambo wake, anatinso eya, maso ali kwa mayi wina amene anakhala kumbuyo. Mayiyo anaimirira nati, "Bwana, mwanayu sali bwino chibadwire." Anauzidwa kuti akhale pansi, iwo si mboni. Itafika nthawi yoti mnyamatayo anene chodandaula chake asanalandire chilango, anati akufuna azipita kunyumba chifukwa mbuzi sizinatsekuliridwe. Anthu anaseka. Ine ndinalemba mizere itatu, mkonzi sanaigwiritse ntchito, poti nkhani ya foni imodzi si nkhani. Mwina anabadi foniyo. Mfundo yanga ndi yakuti m'chipinda monsemo munalibe munthu mmodzi amene ntchito yake inali kufufuza ngati mnyamatayo akudziwa chimene "eya" wake akugula.

Chonsecho lamulo lilipo. Gawo 251 la lamulo lomwelo limati khoti lisanalembe kuti munthu wavomera mlandu, litsimikize kuti akumvetsa tanthauzo la kuvomerako ndi zotsatira zake. Gawo 133 limati khoti likaona kuti woimbidwa mlandu sali bwino m'maganizo moti sangathe kudziteteza, liimitse mlandu kuti akamuyeze achipatala. Vuto ndi lakuti zonsezi zimadalira diso la woweruza. Ndipo diso, kaya la majisitireti kaya langa, limazindikira msanga misala yooneka: wovula, wolalata, wolankhula yekha. Munthu wodekha, waulemu, womwetulira, amene amangovomera chilichonse, amaoneka ngati woimbidwa mlandu wabwino amene sakutayitsa khoti nthawi. Onjezerani apo kuti m'makhoti ang'onoang'ono woimira boma amakhala wapolisi, woimbidwa mlandu nthawi zambiri alibe loya, mlandu ukuyenda m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, ndipo pabenchi pali anthu ena makumi awiri akudikira. Legal Aid Bureau ilipo, ikuyesetsa, koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndipo mphamvu zambiri zimathera ku milandu ikuluikulu monga ya kupha.

Nanga amene wazindikiridwa kuti akudwala, zake zimayenda? Apa ndiye pali chisoni china. Khoti likalamula kuti akayezedwe, njira yake nthawi zambiri imaloza ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni. Kumpoto kuli St John of God ku Mzuzu, imene ilinso ndi nthambi ku Lilongwe, koma imeneyo ndi ya mpingo. Madokotala akuluakulu a matenda amenewa ndi owerengeka. Pakufunika galimoto, mafuta, wapolisi woperekeza, kenaka lipoti lilembedwe, libwerere kukhoti, lipeze failo isanasowe. Nthawi yonseyi munthuyo ali pa rimandi. Lamulo linaika malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe, 30 pa milandu ing'onoing'ono ndi 90 pa ikuluikulu monga kupha. Koma malire amagwira ntchito pamene pali wina wowerenga masikuwo n'kukakumbutsa khoti. Mkaidi wanzeru zake amalemba kalata, amaitana paralegal, amatumiza uthenga kwa achibale. Wodwala maganizo amangokhala pakona. Kawirikawiri achibale ake nawo apumako, poti kunyumba anali atawatopetsa.

Pali mbiri ina imene imandivutitsa. Chisamaliro cha odwala maganizo m'dziko muno chinayambira m'ndende. Mu 1910 atsamunda anapatula mbali ina ya ndende ya Zomba kuti azisungirako anthu amene ankawatcha amisala, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chinadzatsegulidwa m'ma 1950. Lamulo loyendetsera nkhanizi, Mental Treatment Act, linali la 1948, ndipo linatilamulira zaka zoposa 70 mpaka pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano mu 2025. Ndiye tikamaona wodwala ali m'selo osati pabedi la chipatala, tisamati dongosolo lasokonekera. Linamangidwa choncho kuchokera pa maziko, ife sitinaligumule.

Ndipo selo yake ndi yotani? Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino, ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengero cha akaidi ndi theka. Mpaka lero ndende zikusunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira. M'malo otere wanzeru zake amavutika. Amene samvetsa malamulo a m'selo, amene amalira usiku, amene amadziyipitsira, ndiye amalandidwa nsima, kumenyedwa ndi akaidi anzake, ndi kulangidwa chifukwa cha "mwano". Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a khunyu kapena a maganizo, akangodukiza masiku ochepa matenda amabwerera mwamphamvu.

Umboni woti anthu otere alimodi m'ndende zathu tinauona ndi maso. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti linagamula kuti n'kulakwira malamulo aakulu kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha. Izi zinatanthauza kuti amene analandira chilangocho kale amvedwenso. Ntchitoyi inayamba mu 2015. Maloya, ma paralegal ndi a Malawi Human Rights Commission anapita m'midzi kukafunsa mafumu, makolo ndi anansi za moyo wa akaidiwo, ndipo ambiri anayezedwa ndi achipatala. Zimene zinatuluka n'zakuti ena mwa anthu amene dziko linawaweruza kuti anyongedwe anali odwala maganizo kapena aulumali wa muubongo, ndipo pa mlandu wawo woyamba panalibe amene anafunsa. Oweruza anavomereza kuti vuto la maganizo, ngakhale lisafike pa misala imene gawo 12 la Penal Code limanena, ndi chifukwa chochepetsera chilango. Oposa 100 anatuluka m'ndende, ena atakhalamo zaka zoposa 15. Amenewo anapezeka chifukwa mlandu wawo unali wa imfa, ndipo panabwera ndalama ndi akatswiri. Wakuba foni, wakuba nkhuku, wogwidwa akungoyendayenda usiku, palibe pulojekiti imene idzapite kumudzi kwawo kukafunsa.

Za oyendayendawa ndinenepo pang'ono. Mu 2017 khoti linathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lija la rogue and vagabond, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'mamawa akupita kumsika wa Limbe. Linali gawo lolola wapolisi kugwira munthu chifukwa chongomukayikira. Gwanda anatha kufotokoza kumene amapita, anapeza maloya, anapambana. Amene amagona m'makhonde a sitolo, amene sangathe kunena dzina la mudzi wake, ndi amene chipsinjo cha malamulo otere chimamugwera kwambiri, ndipo sadzakasuma kukhoti lililonse.

Mbali ina imene sitiikamba ndi ya wolakwiridwa. Mtsikana waulumali wa muubongo akagwiriridwa, ndipo amuna oipa amawasankha dala atsikana otere, nkhani yake imafera panjira. Kunyumba amati tingokambirana. Ikafika kupolisi amati sakulongosola. Ikafika kukhoti, woimbidwa mlandu kapena loya wake amamufunsa mafunso okhotakhota mpaka asokonezeke, kenaka amati umboni wake ndi wosadalirika. Onani m'mene zilili: munthu yemweyo akati "ndinaba", timamukhulupirira nthawi yomweyo. Akati "anandigwira ndi uyu", timati mutu wake sugwira. Kwa zaka zambirimbiri gawo 139 la Penal Code, limene linaikidwa kuti liwateteze, linkawatchula ndi mawu achingerezi akuti idiot ndi imbecile, kunena kuti chitsiru. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu ake osawataya. Ife timawatola pokhapokha akamadzipachika nawo yekha.

Ifenso a mafoni tili ndi gawo lathu. Mavidiyo amene amazungulira pa WhatsApp ndi Facebook, a munthu atazingidwa ndi gulu, akufunsidwa kuti "unaba kapena sunabe?", mwawaonapo. Nthawi zina mukayang'anitsitsa mumaona kuti munthuyo sakudziwa n'komwe chimene chikuchitika. Akuvomera, gulu likukuwa, wina akufuna matayala. Pansi pake ma emoji oseka mazanamazana. Apa mlandu watha apolisi asanafike, ndipo ngati wapulumuka, vidiyo ija imakhala yamupachika kale dziko lonse. Bandulo yanu ndi yanu, koma musanatumize ku gulu lina, dzifunseni ngati munthu wanzeru zake angayankhe choncho.

Ndikudziwa zimene ena anena, ndipo si zopanda nzeru. Ati mbava zizinamizira misala. Zoona, ena amayesa. Koma n'chifukwa chake pamafunika woyeza wodziwa ntchito, ndipo ulumali wa chibadwire ndi wovuta kunamizira: mudzi wonse umaudziwa, aphunzitsi amene anamubwereza sitandade 1 kanayi amaudziwa. Ena ati ambiri mwa odwalawa ndi chamba, anadziyamba okha. Ngakhale zitakhala choncho, funso la khoti ndi lakuti munthuyu akumva mlandu wake kapena ayi, osati anadwala bwanji. Ndipo ati nanga wobedwa, nanga wovulazidwa? Apa ndiye mfundo yanga yagona. Anyamata a ku Catford aja atatsekeredwa, amene anapha Confait anali panja akuyenda. Kuvomera kwabodza kumatseka failo, wolakwa weniweni n'kupitiriza ntchito yake pamsika womwewo. Sindikunena kuti waulumali sangalakwe, kapena kuti akalakwa azingomusiya. Ena ndi oopsa ndithu ndipo ayenera kusungidwa pamalo otetezeka. Koma malowo akhale oti akulandira chithandizo, ndipo pakhale tsiku loti wina adzaunikenso nkhani yake.

Apolisi nawo ndisawaunjikire zonse. M'madera ambiri wodwala akayamba kuswa zinthu, nambala imene anthu amaimba ndi ya polisi, chifukwa ambulansi yoti ibwerere zimenezo kulibe. Wapolisi wachinyamata amene anaphunzira kugwira mbava akupatsidwa ntchito ya namwino, chida chake ndi unyolo. Sitingamuyembekezere kuchita zimene sanaphunzitsidwe.

Chimene ndikupempha si chachilendo kwa ife. Lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limafuna kale kuti mwana akagwidwa, kholo kapena wamkulu womuyimira adziwitsidwe ndipo akhalepo. Tinavomereza kale kuti pali anthu amene sangasiyidwe okha m'chipinda ndi wapolisi. Chatsala n'kuvomereza kuti zaka za kubadwa si muyeso wokhawo. Munthu wa zaka 30 amene amaganiza ngati wa zaka 8 akufunika chitetezo chomwecho, ndipo sitetimenti yotengedwa popanda womuyimira isamaloledwe kukhoti. Ma paralegal a PASI akhala akulowa m'ndende kuyambira mu 2000, ndipo amafikanso m'mapolisi ndi m'makhoti. Kuwaphunzitsa mafunso ochepa ozindikirira munthu wotere si ndalama zogwetsa bajeti. Kujambula mafunso a kupolisi nakonso, mu 1984 kunkafuna makina apadera, lero foni ya m'thumba mwa wapolisi aliyense ingathe. Dziko lino linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo 13 lake limati makhoti asinthe kachitidwe kawo kuti anthuwa apeze chilungamo, ndiponso kuti apolisi ndi a ndende aphunzitsidwe. Tinasaina tokha, palibe anatigwira dzanja.

Podikira kuti a ku Nyumba ya Malamulo adzuke, mbale wanu wotere akagwidwa musadikire tsiku la khoti. Pitani kupolisi tsiku lomwelo ndi buku lake la kuchipatala, kalata ya amfumu kapena ya aphunzitsi ngati ilipo, ndi mankhwala ake. Uzani wofufuza mlanduyo za vuto lake ndipo pemphani kuti mukhalepo akamamufunsa. Funsani ngati pali paralegal, kapena pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau imene ili pafupi. Kukhoti, uzani kalaliki ndi woimira boma mlandu usanayambe, kuti nkhaniyo imufike majisitireti mnyamatayo asanati eya. Ndipo muumirire kuti zimene mwanenazo zilembedwe mu failo, chifukwa jaji wa ku High Court amene adzaunike chigamulocho sadzamuona m'bale wanuyo, adzangowerenga zimene zili papepala.